Kuchokera pa Doko la Katunga: Mbiri ya Zolakwa za m'Chingerezi cha Tsiku ndi Tsiku m'Chigwa cha Shire

1. Mawu Otsogolera

Mphunzitsi aliyense wa Chingerezi m'chigwa cha Shire ali ndi mndandanda wa zolakwa zimene amakumana nazo chaka ndi chaka m'makope a ana. Mwana amalemba *leave* pamene akufuna kunena *live*. Amalemba *pray* m'malo mwa *play*. Amapempha mnzake kuti *borrow me a pen*. Amatchula amayi ake kuti *he*. Mphunzitsi amazunguliza mawuwo ndi inki yofiira, mwana amakonza, koma chaka chamawa kumabwera ana ena ndi zolakwa zomwezo. Chodabwitsa n'chakuti ana a ku Nchalo, a ku Ngabu, a ku Bangula ndi a ku Nsanje, amene sadziwana n'komwe, amapunthwa pa chitsa chimodzimodzi ngati adachita kupangana.

Nkhaniyi si yaing'ono. Wophunzira amene walephera Chingerezi pa mayeso a MSCE sapatsidwa satifiketi, ngakhale atakhoza bwino masamu ndi zaulimi. Choncho n'koyenera kufunsa kumene zolakwazi zimachokera. Cholinga chathu m'nkhani ino ndi kuonetsa kuti zambiri mwa izo sizibwera chifukwa cha ulesi kapena kuuma mutu. Zili ndi mbiri yake, ndipo zimatsata malamulo amene munthu angathe kuwafotokoza. Tiyambira pa doko lakale la Katunga, chifukwa kumeneko ndi kumodzi mwa malo oyamba kumene Chingerezi ndi ziyankhulo za m'chigwachi zidakhalira pamodzi tsiku ndi tsiku.

2. Doko la Katunga ndi Ziyankhulo Zake

Mu Januwale 1859 David Livingstone adakwera mtsinje wa Shire pa sitima yotchedwa Ma Robert, kufikira mathithi a kumtunda kwa mudzi wa Chibisa adamutsekera njira. M'chaka cha 1861 kudafika amishoni a UMCA motsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie. Iwo adakakhazikika ku Magomero, koma bishopuyo atamwalira mu 1862 adatsikira kwa Chibisa, pafupi ndi pamene pali boma la Chikwawa lero. Livingstone adachoka mu 1864, koma anthu ena amene adabwera naye kuchokera kumtunda kwa Zambezi, amene timawatcha Magololo, adatsalira. Ena a iwo adadzakhala mafumu pakati pa Amang'anja, monga Kasisi, Maseya, Mlilima ndi Katunga.

Popeza sitima sizinkatha kupitirira mathithi, padafunika doko lotsitsirapo katundu kumunsi kwake. Mishoni ya Blantyre itakhazikitsidwa mu 1876, ndiponso kampani ya African Lakes itayamba malonda ake mu 1878, mudzi wa Katunga udasanduka khomo lolowera kumapiri. Alendo ndi katundu wochokera kunyanja yamchere ankatsikira pamenepo, ndipo amtengatenga ankasenza mitolo kukwera zitunda ulendo wa makilomita oposa 40 kukafika ku Mandala.

Tiyerekeze phokoso la padokopo tsiku lofika sitima. Panali Chimang'anja cha eni nthaka, Chisena cha opalasa ngalawa ndi ogwira ntchito m'sitima, Chipwitikizi cha amalonda a ku Zambezi, chiyankhulo cha Magololo, ndi Chingerezi, chimene kawirikawiri chinkatuluka m'kamwa mwa anthu a ku Scotland. Panalibe bolodi, panalibe buku. Munthu ankatola mawu ndi khutu, pakati pa kulira kwa injini ndi kukalipa kwa kapitawo. Kutola mawu motere sikunali kwachilendo m'chigwachi, pakuti Chipwitikizi chinali chitatisiyira kale mawu monga *kapitawo* yemweyo, *kalata*, *nsapato* ndi *ganyu*.

Mkangano wa Angerezi ndi Apwitikizi wa m'zaka za 1889 ndi 1890, wolimbirana dziko la Magololo, ndiwo udagamula chiyankhulo chimene boma lidzagwiritse ntchito kuno. Zikadapita kwina, bwenzi ana a kwa Katunga akuvutika lero ndi Chipwitikizi monga anzawo a ku Mutarara. Doko lenilenilo silidakhalitse. Madzi a mu Shire adayamba kuchepa, ndipo njanji ya kuchokera ku Port Herald, kumene ndi ku Nsanje, kukafika ku Blantyre itatsegulidwa mu 1908, katundu adapeza njira ina. Koma kaphunziridwe ka Chingerezi ka ndi khutu kadapitirira: m'misika ya thonje, m'maulendo a ku Southern Rhodesia ndi ku Joni, ndipo pambuyo pake m'minda ya mizimbe ya ku Nchalo, kumene kupanga shuga kudayamba mu 1966.

3. Alendo Nawonso Adaphonya

Tisanafike pa zolakwa zathu, tione kaye za alendowo, chifukwa anyani sasekana zikundu. M'mabuku ndi pa mapu awo timapeza *Shirwa* m'malo mwa Chilwa, *Cholo* m'malo mwa Thyolo, *Mlanje* m'malo mwa Mulanje, ndi *Manganja* m'malo mwa Mang'anja. Dzina la mtsinje wathu lidawavuta mwanjira ina: m'Chingerezi muli kale mawu olembedwa *shire* amene amamveka ngati "shaya", kotero olemba ena ankaika kachizindikiro pamwamba pa *e*, *Shiré*, kuti owerenga a kwawo asasokere.

Khutu la Mngerezi silisiyanitsa *kola* ndi *khola*, kapena *pala* ndi *phala*, chifukwa m'chiyankhulo chake mpweya wotsatira *k*, *p* ndi *t* susintha tanthauzo la mawu. N'chifukwa chake dzina lochokera ku *khwawa* lidalembedwa *Chikwawa*, ndipo m'zaka zaposachedwapa ena ayamba kubwezeretsa *h* polemba *Chikhwawa*. Mlendo yemweyo akaona dzina la Phiri amawerenga "Firi". Akafuna kutchula Nsanje kapena Ngabu amayamba waikapo kaliwu kothandizira kumayambiriro, "Ensanje", "Engabu", pakuti mawu a Chingerezi sayamba ndi *ns* kapena *ng*.

Pa galamala zinali chimodzimodzi. Adatenga mawu athu monga *ulendo*, *dambo* ndi *machila*, koma pochulukitsa ankanena *ulendos*, *dambos*, *machilas*, kutsata lamulo la kwawo. Mperekezi wathu *kwa* adamumasulira ndi kachizindikiro kawo ka umwini, n'kumalemba *Katunga's*, *Chibisa's*. Ena a iwo adachita khama kumvetsa chiyankhulo chathu. Dikishonale ya Chimang'anja ya David Clement Scott, ya mu 1892, ndi umboni wake. Komabe mfundo yathu ndi yakuti aliyense amamva chiyankhulo chachilendo kudzera m'khutu limene chiyankhulo cha amayi ake chidaumba. Kusiyana kwake n'kwakuti zolakwa za wolamula zidasindikizidwa pa mapu n'kukhala zaka zambiri, pamene zolakwa za wolamulidwa zidatchedwa umbuli.

4. Zolakwa Zimene Zidasanduka Mawu Athu

Phatikizo la Chimang'anja, monga la Chicheŵa chonse, limathera ndi lembo la liwu. Mawu a Chingerezi amatha kuunjika malembo opanda liwu awiri kapena atatu, ndipo ambiri amathera pa lembo lopanda liwu. Makolo athu padoko atamva *steamer* adamasula muluwo n'kunena *sitima*. Momwemonso *store* idakhala *sitolo*, *school* idakhala *sukulu*, *spoon* idakhala *supuni*, *blanket* idakhala *bulangeti*. Uku ndi kuchita komwe kuja kwa Mngerezi wonena "Ensanje": aliyense akuika liwu pamene lilime lake likufuna popumira. Njanji itabwera, dzina la chombo cha pamtsinje lidakwera kumtunda, ndipo lero tili ndi sitima yapamadzi ndi sitima yapamtunda.

Mawu ena adabadwa chifukwa chodula molakwa malire a mawu. Womva *six o'clock* sadziwa pamene mawu oyamba athera. Adamva *sikisi koloko*, ndipo *koloko* adaima payekha. Anthu a kuno atayamba kupita kukagwira ntchito kutali, makalata ankadzera kwa mmishoni, kwa mwini sitolo kapena kwa bwana wa pantchito, ndipo pa envulopu pankalembedwa *care of*. Apa ndi pamene tidapezera *keyala*. Malembo anayi a bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, WNLA, adasanduka *Wenela*, dzina limene lidakalipo mumzinda wa Blantyre.

Magulu a mayina nawo adagwira ntchito yake. Mu *matches* khutu lathu lidamva *ma-* wochulukitsa, ndipo *machesi* adalowa m'gulu la *madzi* ndi *mafuta* popanda vuto. Ku *sums* tidaonjezera *ma-* n'kupeza *masamu*. *Socks* ndi mawu ochuluka kale m'Chingerezi, koma ife tili ndi *sokosi* imodzi ndi *masokosi* ambiri.

Tichenjezepo pa chinthu chimodzi. Anthu ena, ngakhale ophunzira, amanena kuti *boma* ndi chidule cha *British Overseas Military Administration*. Izi si zoona. Mawuwa ndi a Chiswahili, otanthauza linga kapena mpanda, ndipo analipo Angerezi asanakhazikitse ulamuliro wawo kuno. Kufuna kupeza Chingerezi m'mawu aliwonse nakonso ndi kumva molakwa.

Palibe amene lero angazungulize *sitima* kapena *keyala* ndi inki yofiira. Koma mphamvu imene idaumba mawuwa ndi yomweyo imene imagwira dzanja la mwana wa kwa Katunga akamalemba Chingerezi m'kalasi.

5. Katchulidwe ndi Kalembedwe

Chimang'anja, Chicheŵa ndi Chisena zili ndi maliwu asanu, *a*, *e*, *i*, *o*, *u*, ndipo lililonse lili ndi lembo lake. Chingerezi cha kummwera kwa England chili ndi maliwu pafupifupi 20, koma malembo owalembera ndi asanu omwewo. Mwana akamva maliwu 20 amenewa amawagawa m'madengu asanu amene ali nawo. Motero *ship* ndi *sheep*, *live* ndi *leave*, *sit* ndi *seat* zimagwera m'dengu limodzi. *Full* ndi *fool* m'dengu lina. *Hat*, *hut* ndi *heart* m'linanso. *Bird* amamveka ngati *bed*. Mwana amene sakumva kusiyana sangalembe kusiyana. Kumulembetsa mawu okonzedwa kakhumi n'kuchiza chilonda pamwamba, mafinya ali m'kati.

Nkhani ya *l* ndi *r* ndi yodziwika, koma chifukwa chake si onse amachidziwa. Kwa ife awa si maliwu awiri koma limodzi. Malamulo a kalembedwe amene bungwe la Chichewa Board lidatulutsa mu 1973 amati tilembe *r* pambuyo pa *e* ndi *i*, ndipo *l* pena paliponse. N'chifukwa chake timalemba *kulira*, *kulera*, koma *kulola*, *kulula*. Kusinthanitsa malembowa sikusintha tanthauzo la mawu athu. M'Chingerezi kumasintha: *light* ndi *right*, *glass* ndi *grass*, *collect* ndi *correct*. Mwana wolemba *correct firewood* akutsata chizolowezi cholondola m'chiyankhulo cholakwika.

Palinso malembo amene ziyankhulo ziwirizi zimagwiritsa ntchito mosiyana. Mwana amene adayamba kuwerenga *thumba* ndi *phiri* amafika pa *think* ndi *phone* ali ndi chiyembekezo china. Liwu la *th* wa Chingerezi mulibe m'ziyankhulo zathu, ndipo limatuluka ngati *f*, *s*, *t* kapena *d* malinga ndi munthu ndi mawu.

6. Galamala

Pa galamala zolakwa zili m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la ziganizo zimene mafupa ake ndi athu koma khungu ndi la Chingerezi. Mneni *kubwereka* amagwira mbali zonse ziwiri: timati "ndabwereka khasu" ndiponso "ndibwerekeni khasu". *Borrow me* ndi "ndibwereke" basi. Mlowam'malo *iye* sasankha mwamuna kapena mkazi, choncho *he* ndi *she* amasinthana m'chiganizo chimodzi. *Kumva* kwathu kumagwira mawu, ululu, fungo ndi tanthauzo lomwe, ndipo mwana amati *I can hear a smell*. Timamwa mankhwala ngakhale akhale mapiritsi, ndiye timati *drink tablets*. Munthu akamachoka kwa kanthawi amatsanzika kuti "ndikubwera", ndipo *I am coming* wakeyo amazunguza mlendo amene akuona msana wake ukuloza kuchitseko.

M'gulu limeneli muli cholakwa chimodzi choopsa kuposa zonse, ndicho kayankhidwe ka funso lokana. Wina akafunsa kuti "Simunadye?" ife timayankha "Inde", kutanthauza kuti zimene wanenazo n'zoona, sitinadye. Mngerezi pamenepo amayankha *No*. Tiyerekeze woweruza akufunsa woimbidwa mlandu kuti *You did not take the goat?* Munthuyo ayankha "Inde", ndiye kuti sadatenge. Womasulira wosasamala anena *Yes*, ndipo woweruza amva kuti munthu wavomera mlandu. Zoterezi zingachitikenso pakati pa dokotala wachilendo ndi wodwala pa funso la mankhwala. Mwana wonena *play* m'malo mwa *pray* amangosekedwa. Koma *yes* woikidwa pamalo pa *no* angathe kumangitsa wosalakwa.

Gulu lachiwiri silichokera m'ziyankhulo zathu ayi, koma m'Chingerezi mwenimwenimo. Wophunzira akadziwa kuti *-s* amachulukitsa, amamuika ponseponse: *informations*, *furnitures*, *advices*, *luggages*. Akadziwa *talk about* amapanga *discuss about*. Zolakwa izi zimapezekanso ku Nigeria, ku India ndi kwina konse kumene Chingerezi chimaphunziridwa m'kalasi. Zimaonetsa kuti mwana wagwira lamulo, koma sanadziwe pamene lamulolo lilekezera.

7. Eni Chiyankhulo

Ife titapita kunja kukaphunzira tinali ndi mantha akuti Chingerezi chathu chikatichititsa manyazi. Titapatsidwa ntchito yoona zolemba za ophunzira achichepere, eni chiyankhulo, tidapezamo *should of* m'malo mwa *should have*, *their* m'malo mwa *there*, *your* m'malo mwa *you're*, *it's* m'malo mwa *its*. Ambiri a iwo amanena *for all intensive purposes* pofuna kunena *for all intents and purposes*. Kumva molakwa kotere n'kofala kwambiri kwawoko mwakuti adakupatsa mayina: Sylvia Wright adapeka dzina lakuti *mondegreen* mu 1954, ndipo Geoffrey Pullum adapereka lakuti *eggcorn* mu 2003, kuchokera kwa munthu amene adamva motero mawu akuti *acorn*.

Mbiri ya Chingerezi ili ndi *koloko* ndi *sokosi* zakezake. *An apron* kale anali *a napron*. *An adder* anali *a nadder*. *A nickname* anali *an ekename*. Malire a mawu adasuntha m'makutu a anthu, ndipo cholakwacho chidakhazikika. *Pease* anali mawu a chinthu chimodzi, koma anthu adamva ngati ochuluka n'kupanga *pea*. Kalembedwe nako kali ndi zipsera. William Caxton adayamba kusindikiza mabuku ku England mu 1476, pa nyengo imene katchulidwe ka maliwu kanali kakusintha kwambiri. Malembo adaima, katchulidwe kadapitirira ulendo. *Gh* wa mu *night* adaleka kumveka koma adatsala papepala. *B* wa mu *debt* adachita kuikidwamo ndi ophunzira pofuna kukumbutsa Chilatini. Mwana wa kwa Katunga akavutika ndi mawu ameneŵa, akusenza katundu wa mbiri ya anthu ena.

Choyenera kuona n'chakuti zolakwa za eni chiyankhulo ndi zathu sizifanana. Iwo sasokoneza *he* ndi *she* kapena *live* ndi *leave*. Ife, amene *should have* tidayamba kumuona m'buku, kawirikawiri sitilemba *should of*. Aliyense amaphonya pamene khutu lake lamunamiza. Masiku ano, pa WhatsApp ndi pa Facebook, mitsinje iwiriyi yakumana, ndipo wachinyamata wa ku Chikwawa amatengera zolakwa za ku London kuonjezera pa zake.

8. Mawu Omaliza

Kuyambira mu 1968, pamene Chicheŵa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko pambali pa Chingerezi, mwana wolankhula Chisena pakhomo wakhala akukumana ndi ziyankhulo ziwiri zatsopano pasukulu. Mu 2014 boma lidalengeza kuti Chingerezi chizigwiritsidwa ntchito pophunzitsa kuyambira Sitandade 1. Maganizo athu ndi akuti kufulumiza Chingerezi pakokha sikungachotse zolakwa zimene tafotokozazi, chifukwa gwero lake si kuchedwa kuyamba, koma kusiyana kwa kapangidwe ka ziyankhulo.

Tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, aphunzitsi pokonzekera ntchito yawo aphunzire kuyerekeza maliwu ndi galamala ya Chingerezi ndi za ziyankhulo za ana awo, Chisena chomwe, kuti azidziwiratu pamene mwana adzapunthwe. Chachiwiri, khutu liyambe kuphunzitsidwa dzanja lisanalangidwe: mwana amve *ship* ndi *sheep* mobwerezabwereza kufikira atazisiyanitsa. Chachitatu, zolakwa zisayesedwe ndi muyeso umodzi. Zimene zimasintha tanthauzo, monga *yes* ndi *no*, *he* ndi *she*, *borrow* ndi *lend*, zipatsidwe nthawi yambiri; katchulidwe kongoonetsa kuti munthu ndi wa ku Malaŵi, koma womveka bwino, sikayenera chikwapu.

Sitikunena kuti ana asiye kuphunzira Chingerezi chovomerezeka. Mayeso, ntchito, khoti ndi chipatala zimafuna chimenecho, ndipo kuwabisira n'kuwalakwira. Tikunena kuti mwana amene wauzidwa chifukwa chimene amalembera *borrow me* amakonza msanga kuposa amene wangosekedwa, pakuti wosekedwa amatseka pakamwa, ndipo safunsa adadya phula. Amtengatenga a pa doko la Katunga sadasiye dzina m'buku lililonse, koma *sitima* imene adamva ndi khutu lawo tikuitchulabe. Zidzukulu zawo zili ndi khutu lomwelo, ndipo mphunzitsi wanzeru adzayambira pamenepo.